Mumadumpha mu ndege ndi parachuti? Umu ndi momwe mungazitchulire pa intavyu osadziphera ntchito

Funso lija limabwera kumapeto kwenikweni, nthawi imene thukuta lauma ndipo mukuona ngati zatha. Mayi wa HR amatseka fayelo nkufunsa akumwetulira kuti kodi pa weekend mumatani. Ambirife timayankha zomwezomwezo, kuwerenga mabuku, kuonera mpira, kwaya ya kutchalitchi. Koma pali kagulu kena, makamaka anzathu amene ali ku Joni, ku UK ndi ku Dubai, amene Loweruka lawo limathera pa kabwalo ka ndege kutchire uko, kukwera mpaka kumitambo nkudziponya pansi ndi parachuti. Ine ndi mmodzi mwa iwo, ndinayambira ku South Africa, ndipo tsiku loyamba kuzitchula pa intavyu ndinaonongeratu.

Inali kampani ina yonyamula katundu kufupi ndi Johannesburg, amafuna woyang'anira ku warehouse. Zonse zinayenda bwino mpaka pa funso lija, ndiye ine ndi matama anga ndinayankha kuti ndimadumpha mu ndege chifukwa ndimakonda zoopsa, sindiopa kanthu. Bambo wina wachikulire amene anali phee nthawi yonseyi anavula magalasi nkuwaika pa tebulo, nkufunsa kuti "ndiye anyamata athu a forklift mudzawaphunzitsanso zosaopa kanthuzo?" Foni sinalire mpaka lero. Zimene ndikulemba apazi ndi zimene ndinayenera kuchita tsiku limenelo.

Poyamba dzifunseni, munadumpha kangati?

Apa tiuzane zoona. Ngati munadumpha kamodzi pa birthday mutamangiriridwa pachifuwa cha mphunzitsi, imeneyo ndi tandem, ndipo ndi chinthu chokoma kwambiri, ndege imakufikitsani mamita 3,000 kapena 4,000 mmwamba, mumagwa masekondi 30 mpaka 60 pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, kenako parachuti nkutseguka. Koma amene anagwira ntchito yonse ndi munthu amene anali kumsana kwanu uja, inu munali pasinjala basi. Musalembe pa CV kuti ndinu skydiver chifukwa cha ulendo umodzi wa ku Swakopmund ku Namibia kapena pamwamba pa Palm Jumeirah ku Dubai. Tsiku lina mudzakumana ndi bwana amene amadumphadi, adzangofunsa kuti muli ndi ma jump angati ndipo mumadumphira DZ iti (drop zone, bwalo lodumphirapo), inu kukamwa yasa.

Tandem imodzi mutha kuitchula ngati nkhani yocheza, "ndinayesako kamodzi, miyendo inanjenjemera mpaka madzulo," anthu nkuseka, nkupitirira. Ya chizolowezi ndi ina. Imeneyo ndi ya munthu amene anachita maphunziro a AFF ophunzitsa munthu kudumpha yekha, omwe ku South Africa ali ndi magawo 10 pomwe ku UK ali ndi 8, ali ndi logbook yosainidwa, ndipo ali ndi laisensi kapena akuithamangira. Ku America bungwe la USPA limapereka laisensi A pa ma jump 25, B pa 50, C pa 200 ndi D pa 500. Ku South Africa zimenezi zili mmanja mwa bungwe la PASA, ku UK ndi British Skydiving. Komanso musasakanize ndi paragliding, ija yonyamukira paphiri imene Godfrey Masauli anatchuka nayo kwathu kuno, ndi masewera ena amenewo ngakhale nsalu yake imaoneka yofanana.

Kenako yang'anani ntchito imene mukufunsira

Si paliponse poyenera kuzitchula. Ngati ndi ntchito ya sales, ya zokopa alendo, ya ma project kapena kampani ya achinyamata ya zamakompyuta, tchulani, adzakukumbukirani pakati pa anthu makumi atatu amene onse anati amakonda kuwerenga. Ngati ndi ntchito imene inuyo mukadwala sabata imodzi zonse zimaima, monga dalaivala mmodzi yekha wa kampani kapena nesi pa kachipatala kakang'ono, ganizani kawiri, chifukwa bwana mmutu mwake akuona kale mwendo uli mu pulasitala. Ndipo ngati mukubwerera kumudzi kukafunsira ntchito yogwira ndalama ku Blantyre kapena ku Lilongwe pali vuto lina limene anzathu achizungu saliganizira nkomwe, wofunsayo sadzaopa za imfa ayi, adzayamba kuwerengera kuti masewera odula chonchi ndalama zake azizitenga kuti pa salale imene tikumupatsayi. Poti kunena zoona si zotchipa, tandem yokha ndi marandi masauzande angapo, maphunziro ndiye osanena. Zikatero nenani poyera kuti munkachita muli kunja ndipo munkasungira pang'onopang'ono.

Kwathu anthu ambiri parachuti amaidziwira kwa asilikali a ku Salima aja, enanso mukati mumauluka amayamba nthabwala za lichero. Zilandireni, sekani nawo, zimafewetsa chipinda.

Pa CV mzere umodzi wakwana

Pansi penipeni, pa zokonda. Dzina la masewera, laisensi, bungwe limene linapereka, chiwerengero cha ma jump. Basi. Musaike chithunzi chanu tsaya likukupizika ndi mphepo, musaike link ya video. Nambala musawonjezere, ngati ndi 38 lembani 38, chifukwa mu masewera amenewa wonama ma jump amadziwika msanga ndipo anthu ake ndi ochepa, amadziwana.

Tsopano yankho lenilenilo, apa ndi pamene pagona nkhani

Munthu wakunja amaganiza kuti skydiving ndi kulimba mtima. Ife amene timakhala pa drop zone timadziwa kuti tsiku lonse ndi kucheka, kudikira, ndi kuchekanso. Kugwa kuja ndi mphindi imodzi yokha. Zina zonse ndi zimene bwana akufuna kumva, kungoti sadziwa kuti ziliko.

Muuzeni za gear check. Musanakwere ndege mumacheka zingwe zonse, mphete zitatu zimene zimagwira parachuti paphewa, zogwirira zitatu, kamakina koyeza kutalika kamene kali padzanja, ndipo mukatha mnzanu amakuchekaninso kumsana, amatsegula kachivindikiro nkuona ngati pini yakhala bwino. Munthu wa ma jump 2,000 amatembenuzira msana kwa mwana wa ma jump 30 kuti amuonere, ndipo mwanayo akaona cholakwika amanena pompo, palibe zoti awa ndi akuluakulu ndiwaopa. Ndi maofesi angati amene junior angauze manijala kuti bwana apa mwalakwitsa? Mukalongosola zimenezi mwauza wofunsayo kuti mumalola kuti ntchito yanu ichekedwe ndipo simukhala chete mukaona vuto, koma simunadzitame ndi liwu limodzi lomwe.

Muuzeni za kukana kudumpha. Iyi ndiye imagwira kwambiri. Mwadzuka 4 koloko, mwayenda ulendo wautali mpaka ku drop zone, mwalipira, mwavala zonse, kenako mphepo yakwera kapena mtambo watseka, ndiye mumavula nkukhala pansi pa mthunzi tsiku lonse kumayang'ana kansalu koonetsa mphepo kaja. Kwa ophunzira malamulo ake ndi okhwima, ku America mphepo ikadutsa mamailosi 14 pa ola wophunzira sadumpha. Koma ukakhala ndi laisensi nthawi zambiri chisankho chimakhala chako, anzako akukwera, iwe nkunena kuti ine lero ayi. Ine ndinakhalapo pansi Loweruka lina anzanga akundiseka, ndipo nkhani imeneyo ndi imene ndinadzainena pa intavyu ina pamene anandifunsa za nthawi imene ndinapanga chisankho chosakondweretsa anthu.

Ndipo muuzeni za pulani ya zikavuta. Aliyense amanyamula maparachuti awiri, yaikulu ndi reserve, yodikira ngati yaikuluyo yavuta. Reserve simupinda nokha, amapinda ndi munthu wa satifiketi yake wotchedwa rigger, ndipo imatsegulidwa nkupindidwanso pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngakhale musanaigwiritse ntchito, ku America lamulo limati masiku 180. Mulinso kachipangizo kotchedwa AAD, ambiri amakadziwa ndi dzina la Cypres, kamene kamatsegula reserve kokha ngati munthu akugwabe mothamanga atayandikira pansi, mwina wakomoka. Chinanso, musanakwere mumakhala mutadziwa kale kutalika kumene mudzasiye kulimbana ndi parachuti yovuta, kwa ophunzira ndi mafiti 2,500, mukafika pamenepo isanakonzeke mumaidula nkutsegula reserve, osakambirana ndi mtima. Chisankho chinapangidwa kale muli pansi mutu uli bwinobwino. Munthu woyang'anira ma project akamva zimenezi amagwedeza mutu, chifukwa iye wakhala akuona anthu akukakamira pulani yakufa mpaka ndalama zonse kutha.

Koma musanene zonse zitatu. Sankhani imodzi yogwirizana ndi ntchitoyo, ndipo isapitirire mphindi imodzi. Yesererani kunyumba ndi wotchi, makamaka pamaso pa munthu amene za ndege sizimukhudza, mlongo wanu kapena mnzanu wa mu flat, akayamba kuyang'ana foni ndiye kuti mwatalikitsa. Yankho lake likhale ngati ili: "Ndimachita skydiving, ndili ndi laisensi ndi ma jump 60. Anthu amaona ngati ndi misala koma chimene chinandigwira ine ndi dongosolo lake, palibe amene amakwera ndege mnzake asanamucheke." Mukatero khalani chete, mpira uli kwa iwo. Akafuna zambiri afunsa.

Konzekerani mafunso awiri amene sakanika kubwera

Loyamba ndi lakuti si zoopsa zimenezo? Musayankhe kuti ayi, limenelo ndi bodza ndipo adziwa. Musayankhenso zija za "ngakhale pa minibasi munthu amafa," zimamveka ngati mwano. Vomerani kuti ngozi ilipo, kenako perekani nambala imodzi yoona. Mu 2023 ku America anthu anadumpha maulendo pafupifupi 3.65 miliyoni ndipo amene anamwalira ndi 10, malinga ndi USPA. Onjezerani kuti ngozi zambiri masiku ano sizibwera chifukwa choti parachuti yakana kutseguka, zimabwera potera, munthu akakhota moyandikira pansi kwambiri ndi parachuti yabwinobwino, ndiye chifukwa chake inu mumagwiritsa ntchito yaikulu yodekha ndipo simuthamangira tating'ono tothamanga tija. Ngati zili zoona, eti. Ngati ndinu wa tothamangato mbali imeneyi ingoisiyani.

Lachiwiri ndi la mwendo, mukathyoka ntchito yathu itani? Apa mpofunika kuti mukhale mutawerenga kale mapepala anu a inshuwalansi ndi medical aid, chifukwa ma policy ambiri a moyo amaika skydiving mgulu la masewera oopsa, ena amakweza ndalama yolipira pamwezi, ena salipira nkomwe ngozi ikachitikira kumeneko, makamaka ngati simunawauze polembetsa. Mukatha kunena kuti ndinawauza a inshuwalansi ndipo ndikudziwa zimene amalipira ndi zimene salipira, bwana amaona munthu wamkulu. Akakupatsani ntchito werenganinso contract, zilipo zina zimene zimaletsa masewera otere, ndipo ndi bwino kudziwa musanasaine kusiyana nkudzamva muli mchipatala.

Mukakumana ndi wokayikirabe amene akuona ngati ndi masewera a anthu opanda udindo, dzina limodzi lokha likwana. Alan Eustace anali mmodzi mwa mabwana akuluakulu ku Google pamene anadumpha kuchokera makilomita oposa 41 mmwamba mu October 2014, nkuphwanya rekodi ya Felix Baumgartner ya 2012. Koma litchuleni mocheza, osati ngati mukuphunzitsa kalasi.

Zina zisiyeni ku drop zone komweko

Chikhalidwe cha kumeneko ndi chokoma koma si chonse cholowa nacho mu ofesi. Kuli lamulo la mowa lija loti chilichonse chimene wachita koyamba umagula kireti ndege zikaima madzulo, kuli zopakana keke kumaso ukafika jump ya 100, kuli nthabwala za imfa zimene timaseka tokhatokha chifukwa tonse tikudziwa chimene tikuseka. Pa intavyu zimenezi ayi. Mawu ngati adrenaline, misala, "ndimamva kuti ndili moyo ndikakhala mmwamba basi," asiyeni, chifukwa bwana amamva kuti Lolemba mpaka Lachisanu muzikhala ngati mtembo pa desiki pake. Musatulutse foni kuti muwaonetse video pokhapokha atapempha okha, ndipo onaninso Facebook ndi Instagram yanu musanapite, poti ena amakafufuza, chithunzi cha kumwamba chilibe vuto koma cha kireti ija chichotseni. Musawauzenso kuti weekend iliyonse ya dzuwa simupezeka, ngati ntchitoyo ili ndi ma shift a Loweruka nenani nokha msanga kuti mudzagwira, kudumpha mudzakonza masiku ena.

Ntchito imene ndili nayo pano ndinaipeza patatha miyezi ingapo chichitikire za forklift zija. Funso linabwera lomwelo, ndinanena za Loweruka lokhala pansi lija, masekondi mwina 40. Mayi amene amatsogolera intavyuyo analemba kanthu pa pepala, nkufunsa kuti ndiye ndalama imene munalipira tsiku limenelo anakubwezerani? Ndinati ayi mayi, tikiti imangodikira tsiku lina. Anati chabwino, nkupita pa funso la salale.