Kudziwa ngati job ya SBMJOB yatha pa IBM i

Ndinatumiza job (ntchito yoti makina agwire okha) ya malipoti ndi lamulo la SBMJOB pa IBM i, sisitimu ya makompyuta a IBM ija akale timaitchulabe AS/400, koma lipoti osatuluka. Lamulo la WRKACTJOB silinandithandize, poti limangoonetsa ma job omwe akuyenda panthawiyo.

Ndinapita pa WRKSBMJOB, lamulo loonetsa ma job omwe unatumiza. Status ikakhala JOBQ ndiye kuti ikudikirabe pamzere, ACTIVE ikuyenda. Yanga inali pa OUTQ. Apa mpofunika kusamala, chifukwa OUTQ imangonena kuti yatha, osati kuti yatha bwino. Ndinalemba DSPLOG MSGID(CPF1164), lamulo loonetsa mauthenga a ma job omwe atha, n'kupeza job yangayo ndi nambala yake, n'kuyang'ana end code, nambala yonena mmene job yathera. Ikakhala 0, zonse zayenda. Yanga inali 20, kutanthauza kuti inaima chifukwa cha vuto, ndipo job log (mbiri ya mauthenga a job imeneyo) inaonetsa kuti fayilo yomwe inkafuna inali itagwidwa ndi job ina. Job inayo itatha ndinatumizanso yanga, lipoti n'kutuluka. Palibe chogula, malamulo onsewa amabwera ndi makinawo.