Kayendedwe ka ku Haw Par Villa, Singapore

Mwafunsa komwe mungakaone nthano za Atchaina muli ku Singapore. Pitani ku Haw Par Villa, paki imene Aw Boon Haw, mwini wa mankhwala opaka a Tiger Balm, anamangira mng'ono wake Aw Boon Par mu 1937.

Musananyamuke, onani pa intaneti ngati mbali zonse zatsegulidwa. Kwerani sitima ya MRT ya Circle Line, mukatsikire pa siteshoni ya Haw Par Villa. Geti lili pafupi pomwepo. Lawirirani m'mawa, mutenge madzi ndi ambulera, chifukwa malowo ndi achitunda ndipo kumatentha.

Yambani ndi ziboliboli za panja, zoposa 1,000. Musaphonye Sun Wukong, mfumu ya anyani.

Mukatero gulani tikiti ya Hell's Museum, malo a m'pakimo oonetsa za imfa ndi dziko la akufa, ndipo apa musathamange. Muli ziboliboli zoonetsa mabwalo 10 oweruza akufa a m'nthano za Atchaina, lililonse ndi mfumu yake, tchimo lililonse ndi chilango chake: wofalitsa mphekesera amamuzula lilime. Pomaliza gogo Meng Po amamwetsa mizimu chakumwa choiwalitsa isanabadwenso. Makolo ankabweretsa ana kuno kuti aope kuchita zoipa, koma ine ndikuti aang'ono kwambiri atsale panja ndi wamkulu, zithunzizo n'zoopsa.