Mpheta zinkakana kanyumba kanga ka galasi

Ndinakhoma kanyumba ka mbalame kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Kasungu, mbali imodzi n'kuikako galasi kuti ana azionera mazira. Miyezi iwiri inatha kuli zii. Mpheta zinkangotera, kusuzumira, n'kuuluka.

Ndinathiramo mapira, koma zinabwera ndi nyerere basi. Kukasamutsira mumtengo wa mango sikunathandizenso.

Vuto linali galasi lomwelo. Mbalame yoikira m'mphako imafuna mdima, pomwe ine ndinaipatsa chipinda chowala ngati pabwalo. Komanso dzuwa la mu Okutobala likawomba pagalasipo, m'kati munkatentha ngati m'balani ya fodya.

Ndinacheka kathabwa koposa galasilo pang'ono, n'kukamangirira ndi mahinjesi awiri kuti kakhale chitseko chophimba galasilo. Apa mpofunika kusamala: kazitsekeka bwinobwino, kuwala kusalowe ngakhale m'mphepete. Ine ndinamatako mphira wa chubu chakale cha njinga, chotsekera chake msomali wopinda. Kenako ndinaboola timabowo tolowera mpweya pansi pa denga, khomo lolowera mbalame n'kulisiya lotakata mamilimita 32, ndipo galasi ndinalilozetsa kosawomba dzuwa la masana.

Ndinagula mahinjesi okha. Matabwa anali zotsala kwa kalipentala.

Patatha milungu itatu, mpheta zinayamba kulowetsa udzu womangira chisa. Timatsegula chitsekocho kamodzi patsiku, mwakanthawi, mpheta yaikazi ikatuluka.