Fungo la chuku m'galimoto: yambani mwapeza polowera madzi

Mvula ikakhazikika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, eni galimoto ambiri amadandaula kuti akatsegula chitseko m'mawa mumatuluka fungo la chinyontho longa la chimanga chochita chuku. Ambiri amathamangira kugula perefyumu wopopera kapena kamtengo konunkhira kopachika pagalasi. Zimenezi zimangophimba fungolo kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako zimasakanikirana nalo, mpweya wake n'kumapweteketsa mutu. Chonunkhacho ndi chuku, ndipo chuku sichimera pouma. Choncho ntchito yoyamba ndi kupeza kumene madzi akuchokera. Musazengereze ngati mumanyamula ana kapena munthu wodwala mphumu, chifukwa chuku chimautsa chifuwa ndi chimfine.

Chotsani mamati onse, kenako dinikizani kapeti ndi chikhatho mwamphamvu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pamwamba pakhoza kuoneka pouma, koma pansi pa kapetiyo pali siponji yokhuthala yochepetsa phokoso, ndipo imeneyi imasunga madzi kwa milungu. Tsegulaninso buti, mutulutse tayala la sipeya. M'dzenje limene tayalali limakhala nthawi zambiri mumapezeka madzi ofiira ndi dzimbiri, mwini galimoto osadziwa.

Madzi a mvula amalowa pamalabala a zitseko ndi a buti akang'ambika kapena akauma ndi dzuwa. Kuti mupeze malo ake enieni, wina akhale mkati atatseka zitseko, inu muzithira madzi ndi ndowa kunja, mbali imodziimodzi. Amene mumaimika galimoto pansi pa mtengo wa mango, tsegulani boneti muone m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pamene pali mawaipa. Pali ngalande yotaya madzi imene imatsekeka ndi masamba ndi maluwa, ndipo ikadzaza madzi amasefukira mkati. Kunsi kwa chitseko chilichonse kulinso timabowo totulutsira madzi. Matope akatitseka, mumamva madzi akuchita khovukhovu potseka chitseko. Kawaya kofewa n'kokwanira kutitsegula.

Ngati fungo limakula mukangoyatsa AC, vuto lili m'kati mwa makinawo. AC ikamaziziritsa mpweya imapanga madzi, ndipo madziwo amayenera kudontha pansi kudzera m'kapaipi kakang'ono. Iyatseni kwa mphindi 15 galimoto itaima, musuzumire pansi cha kutsogolo. Pakakhala pouma, pomwe kapeti ya kumapazi a wokhala kutsogolo yanyowa, kapaipiko katsekeka, ndipo makaniko amakatsegula mosavuta. Onaninso fyuluta ya mpweya wolowa mkati. M'galimoto zambiri zochokera ku Japan, monga Vitz ndi Sienta, imakhala kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala kutsogolo kwa pasenjala. Ambiri amasintha oyilo mokhulupirika koma fyuluta imeneyi sanaionepo chigulireni galimoto. Ikakhala yakuda, yodzaza fumbi ndi zinyalala za makoswe, gulani ina.

Koma madzi a pakapeti akakhala oterera m'manja, onunkhira motsekemera, komanso madzi a muredieta akumatsika, ndiye kuti hita, yotenthetsa mpweya wa m'galimoto ndi madzi a muredieta omwewo, ikudontha. Imeneyo si ntchito ya pakhomo, pitani kugalaji injini isanatenthe.

Polowera madzi pakatsekedwa, umitsani. Sankhani tsiku la dzuwa, tsegulani zitseko zonse ndi buti, tukulani kapeti m'mbali n'kuikapo timatabwa kuti mphepo ifike pasiponji. Zingatenge masiku awiri kapena atatu. Siponji imene yawola, yomwe ikunyenyeka mukaigwira, ingoichotsani. Ndipo chonde, musaike mbaula ya moto m'galimoto pofuna kufulumizitsa. Utsi wa makala pamalo otsekeka umapha munthu asanazindikire, osanenanso za ngozi ya moto.

Pamene paoneka madontho oyera kapena obiriwira, pamipando, pamalamba kapena kudenga, sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, mupukute ndi kansalu mutavala chotchinga pamphuno. Musanyowetse kwambiri. Musagwiritse ntchito Jik, chifukwa amasukulutsa nsalu, ndipo akasakanikirana ndi viniga amatulutsa mpweya wapoizoni. Pakauma, wazani soda wophikira, yemwe uja wa therere, pakapeti ndi pamipando ya nsalu, agone usiku wonse, m'mawa mumukutumule kapena mumuyamwe ndi makina opopera fumbi. Makala ouma osayatsa, m'kabeseni pansi pa mpando, amathandiza kuyamwa fungo lotsalira.

Anzathu a matakisi amene mumanyamula usipa, matemba ndi mkaka, yalani pepala lapulasitiki lolimba m'buti musanakweze katundu. Msuzi wa nsomba ukalowa m'siponji, soda sangauthe, pamafunika kuchapa ndi sopo n'kuyanika kunja. Kotsukitsa galimoto, auzeni anyamata asakhuthulire madzi pamipando, ndipo mamati asabwerere mkati asanaume. Ambulera yonyowa ndi nsapato zamatope zisagone m'galimoto. Mukatsala mphindi zitatu kapena zisanu kuti mufike kumene mukupita, zimitsani AC koma fani muisiye ikuzungulira, mpweya uzichokera kunja, kuti mkati mwa makinawo muume musanazimitse injini.