Kulemba bwino pa laputopu yaing'ono

Pa kiyibodi yaikulu, kuchoka pakati pa batani limodzi kufika pakati pa linzake pamakhala mamilimita 19. Pa laputopu ya mainchesi 11 mpatawu umachepa, nthawi zina kufika 17, n'chifukwa chake chala chimodzi chimagunda zilembo ziwiri. Musanagule, ikani zala zolozera pa F ndi J, pamene pali timizere totukuka. Ngati zala zinazo zikupanikizana, kiyibodiyo idzakutopetsani.

Kenako onani ngati zimene zalembedwa pa mabatani zikugwirizana ndi zimene kompyuta ikutulutsa. Dinani Shift ndi 2. Kiyibodi ya ku America imatulutsa @, pamene ya ku Britain imatulutsa ". Zikasemphana, onjezerani kiyibodi yoyenera mu Settings, ndipo muzisintha podina batani la Windows ndi Space.

Olemba Chichewa apewe ya US-International. Imeneyi imasunga kachizindikiro ka ' kudikira chilembo chotsatira, moti "pang'ono" amasanduka "pangóno". Zimapweteka mutu kwambiri polemba nkhani yaitali. Sankhani US wamba. Chilembo cha ŵ nacho chilibe batani lake: mu Word lembani 0175 pambuyo pa mpata, dinani Alt ndi X, kenako fufutani mpatawo.

Mabatani a Home ndi End, opititsa koyambirira ndi kumapeto kwa mzere, kawirikawiri amabisika pa mivi, ndiye gwirani Fn ndi muvi wakumanzere kapena wakumanja. Mawu akamadumphira mzere wina, ndi chikhatho chikukhudza touchpad, malo oyendetsapo chala m'munsi mwa kiyibodi. Kwezani manja pang'ono, kapena izimitseni n'kulumikiza mausi.