Mphesa zouma zinkamira pansi pa keke, ndinathana nazo chonchi

Kangapo konse ndikaphika keke ya mphesa zouma, podula ndinkapeza zonse zaunjikana pansi, zitakakamira kupoto. Zochepa zotsala pamwamba zinkapserera n'kumawawa ngati khala.

Ndinayesa kuchepetsa moto wa mbaula, osathandiza. Ndinayesanso kuziwaza pamwamba pokha, zinapsa zonse ndi makala a pachivindikiro.

Chimene chinandithandiza ndi ichi. Poyamba ndimaziviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15 kuti zifewe, chifukwa zouma gwa zimayamwa chinyezi cha keke. Kenako ndimazikhuthulira m'sefa, n'kuziyala pakansalu koyera, n'kuzipukuta mpaka zisiye kunyowetsa dzanja. Apa ndiye pamene ndinkalakwitsa kale: ndinkangozitsuka n'kuziponyamo zikudontha madzi, pomwe mphesa yonyowa imaterereka n'kumira. Zikauma ndimatapa supuni imodzi ya fulawa pa yemwe ndayeza kale uja, osati wowonjezera, n'kuzigubuduzamo mpaka iliyonse ichite mbuu. Fulawa ameneyu ndiye amazigwira kuti zikhale pomwe zagwera. Ndimazithira pomalizira penipeni, n'kutakasa kawiri katatu basi. Chosakanizacho chikhale cholimbirako, chogwa pasupuni mwaulesi. Chikachita madzimadzi, zimira ndithu ngakhale mutazipaka fulawa wochuluka bwanji.

Sindinagule chida chatsopano ayi. Shuga ndinachepetsako poti mphesazi n'zotsekemera kale. Zotsala m'paketi ndimathira pang'ono m'phala la ana m'mawa, zimawathandiza akadzimbidwa.