Mmene mungafufuzire zilembo za pa dzina la katswiri wa zachuma

Munthu wakupatsani khadi lolembedwa CFA kapena ACCA ndipo akufuna kukulangizani za ndalama zanu. Muyambire pati?

Choyamba, dziwani chimene zilembozo zikuimira. CFA ndi ya akatswiri osanthula masheya ndi njira zochulukitsira ndalama: amakhoza mayeso a magawo atatu a CFA Institute, kuphatikizapo maola 4,000 a ntchito. ACCA ndi CPA ndi za maakauntanti. CFP ndi ya othandiza munthu kukonza za penshoni, inshuwalansi ndi chuma cha banja. Akauntanti wodziwa misonkho sikuti ndiye amadziwanso masheya.

Chachiwiri, lowani pa webusaiti ya bungwe lomwe linapereka zilembozo. CFA Institute ndi ACCA ali ndi kaundula wa mamembala awo. Apa tcherani khutu: amene wangokhoza gawo loyamba la mayeso sanakhale CFA, ngakhale atayankhula mokoma bwanji.

Chachitatu, satifiketi si laisensi. Funsani bungwe loyang'anira zachuma m'dziko lanu ngati munthuyo ndi wololedwa kugwira ntchitoyo. Ku United States, webusaiti ya BrokerCheck, ya bungwe la FINRA loyang'anira ogulitsa masheya, imaonetsa ngakhale madandaulo a makasitomala. Dzina loti "mlangizi wa zachuma" palokha lisakukopeni, m'mayiko ambiri silitsimikizira maphunziro alionse.

Kenako mufunseni maso ndi maso kuti amalipidwa ndi ndani. Ngati amalandira komishoni pa zimene akukugulitsani, muuzeni alembe kuchuluka kwake papepala musanasaine chilichonse.